Paundi imodzi ya John Hampden ndi nkhani ya misonkho

A Mkonzi,

Zikomo pondipatsako kampata m'nyuzi yathuyi. Nyengo ya bajeti ikafika pamakhala zoyankhula zambiri, ndipo ndakhala ndikumva anthu ena, ophunzira bwino ndithu, akunena kuti nyumba ya malamulo ndi yongodya ndalama basi, bola mtsogoleri mmodzi wolimba mtima azingolamula za misonkho zinthu ziziyenda. Sindikufuna kuikira kumbuyo aphungu athu ayi, pakamwa ali napo adziyankhira okha. Ine ndikufuna ndifotokozeko kumene mwambo woti msonkho uzidutsa kaye ku palamenti unachokera, chifukwa sitinaupeke ife, tinautengera kwa Angerezi limodzi ndi ndodo imatsogolera sipikala ija, ndipo eni akewo anaphana kaye asanamvane. Akamaiphunzitsa nkhaniyi ambiri amaipanga ngati anthu anatopa ndi misonkho yokwera. Sizinali choncho. Mkangano unali woti ndani ali ndi mphamvu yopisa m'thumba mwa munthu, ndipo akapisamo akayankha kwa ndani.

Kale ku England palamenti sinali yokumana chaka ndi chaka ngati lero. Mfumu imaiitana ikafuna, imaibalalitsa ikatopa nayo, ndipo pamatha zaka osakumana. Mfumu imayenera kudzidyetsa yokha ndi ndalama za minda yake, malendi, zindapusa za m'makhoti ndi zina zotero, msonkho weniweni umapemphedwa pakagwa chachikulu monga nkhondo. Zoti mfumu isatole ndalama osafunsa zinalembedwa kale mu Magna Carta mu 1215 pomwe malodi anapanikiza mfumu John, ngakhale ndime imeneyo anaichotsamo pomwe chikalatacho chimatulutsidwanso chaka chotsatira. Mu 1297 mfumu Edward I, yemwe anaika msonkho wa masheleni 40 pa thumba lililonse la ubweya wa nkhosa lotuluka kunja, nayenso anamukakamiza kulonjeza kuti sadzachitanso popanda dziko kuvomera. Ndiye mwaona kuti chida cha palamenti chinali chimodzi chokha, ndalama. Mfumu ikasauka imawaitana, iwo nkumati mumve kaye madandaulo athu, za ndalama tikambe pambuyo. Nanga mfumu itapeza njira yotolera yokha ingawaitanirenso chiyani? Ku France zinachitikadi, msonkhano wawo wa Estates General unakumana mu 1614 kenako kunali zii mpaka 1789, zaka 175.

Koma tisanamepo, ndalama za mfumu sizimakwanadi. Mitengo ya zinthu inakwera kwambiri m'zaka za m'ma 1500, nkhondo zinayamba kudula, pomwe msonkho umene palamenti imavomereza, wotchedwa subsidy, umangotsikiratsikira chifukwa oyesa chuma cha anthu m'maboma anali anthu olemera omwewo ndiye amalemberana zochepa, undikomere lero mawa ndikukomera. Subsidy imodzi yomwe kumayambiriro kwa ulamuliro wa mfumukazi Elizabeth I imabweretsa mapaundi pafupifupi 130,000 pofika 1628 imangobweretsa cha m'ma 55,000. Ambiri mwa aphungu ofuula za ufuluwo anali m'gulu lomwelo lozemba msonkho, zimenezo tisabise.

James I atalowa ufumu anayamba kuonjezera yekha msonkho wa katundu wolowa pa doko. Wamalonda wina wa ku London, John Bate, anakana kulipira zoonjezerazo pa mphesa zouma zomwe anaitanitsa, nkhani inapita ku khoti mu 1606 ndipo khoti linati mfumu sinalakwe chifukwa malonda akunja ali m'manja mwa mfumu. Basi chitseko chinatseguka. Patangotha zaka 2 nduna yake Robert Cecil inaika misonkho yotereyi pa mitundu ya katundu yoposa 1,000. Mu 1610 anayesa kugwirizana kuti palamenti izipatsa mfumu mapaundi 200,000 pachaka, mfumu isiye njira zina zakale zotolera, koma mbali zonse zinakayikirana mpaka zinalephereka.

Mwana wake Charles I ndi amene anafika nazo pomwe zinaphulikira. Mafumu am'mbuyomo akangolowa ufumu palamenti imawapatsa chilolezo chotolera msonkho wa pa doko, tonnage and poundage, kwa moyo wawo onse. Kwa Charles mu 1625 aphungu anati chaka chimodzi chokha, tione kaye. Iye anaona ngati chipongwe, bilu ija sinathenso kudutsa, ndipo anangopitiriza kutolera. Nthawi yomweyo anali pa nkhondo ndi Spain kenako France, nkhondo zoyendetsedwa mwachibwana ndi mnzake wapamtima Duke of Buckingham. Ku Cadiz mu 1625 asilikali atatsika m'sitima anapeza mosungira vinyo nkuledzera, ulendo onse unathera pomwepo. Ndiye aphungu akamati ndalama sitipereka mpaka Buckingham achoke sikuti amangovuta.

Mu 1626 mfumu inabalalitsa palamenti pofuna kupulumutsa mnzakeyo, kenako inati popeza msonkho mwakana ndiye mundibwereke. Ngongole yake yokakamiza, aliyense amauzidwa kuchuluka koti abwereketse ndipo aliyense amadziwa kuti sidzabwezedwa. Achikulire omwe munagulako khadi la chipani pa geti ya msika nthawi ijayi, lomwe amati nkugula mwa kufuna kwanu, mukudziwa mtundu wa kubwereka kumeneku. Jaji wamkulu Ranulph Crew anakana kusainira kuti nzovomerezeka, anamuchotsa ntchito. Abusa ena analalikira kuti kukana kupereka ndi tchimo, mmodzi wa iwo Roger Manwaring palamenti inadzamuimba mlandu, mfumu inamukhululukira kenako nkumupatsa ubishopu. Anthu otchuka oposa 70 anatsekeredwa chifukwa chokana, osauka okana amawaopseza kuti awatengera ku usilikali. Asanu mwa otsekeredwawo anapita ku khoti mu 1627 kufunsa kuti tamangidwira chiyani, yankho linali loti mwamangidwa mwa lamulo lapadera la mfumu, ndipo majaji anawabweza m'ndende. Apa ndi pomwe anthu anazindikira kuti nkhani ya thumba ndi nkhani ya ndende ndi imodzi, munthu amene angakulande ndalama osafunsa ayeneranso kukhala ndi mphamvu yokutsekera ukakana, apo ayi palibe angapereke.

Palamenti ya 1628 inalemba Petition of Right: pasakhale msonkho, ngongole olo mphatso yokakamiza popanda palamenti, munthu asamangidwe osauzidwa mlandu, asilikali asamagonekedwe m'nyumba za anthu mokakamiza. Charles anayamba wayankha mozungulira, aphungu anakana, pa 7 June anavomera mmene amafunira chifukwa ndalama amazifuna. Atazilandira anati koma msonkho wa pa doko sukukhudzidwa ndi chikalatachi. Amalonda okana kulipira anawalanda katundu. Mmodzi, Richard Chambers, anauza nduna za mfumu pamaso kuti olo ku Turkey amalonda safinyidwa ngati ku England, mau okhawo anamulipitsa mapaundi 2,000 ndipo atakana kupepesa anakhala m'ndende zaka 6.

Tsiku lomwe ndimalikonda m'nkhani yonseyi ndi 2 March 1629. Sipikala, Sir John Finch, anauza nyumba kuti mfumu yalamula kuti zokambirana ziime, ndiye anadzuka kuti azituluka, chifukwa sipikala akachoka pampando nyumba yatha. Aphungu awiri, Denzil Holles ndi Benjamin Valentine, anamugwira nkumukhazikanso pampando mwamphamvu, Holles akumulumbirira kuti ukhala pompo mpaka ife tifune kudzuka. Bambo wamkulu anayamba kulira misozi. Phungu wina anakhoma chitseko kiyi nkuika m'thumba, mthenga wa mfumu akugogoda panja, mkatimo Holles akutchula mfundo mokuwa aphungu akuvomera: aliyense wolangiza mfumu kutolera msonkho wa pa doko popanda palamenti ndi mdani wa dziko, ndipo wamalonda wolipira mwa kufuna kwake wagulitsa ufulu wa England. Atamaliza anatsegula okha nkutuluka. Mfumu inabalalitsa palamenti, atsogoleri anamangidwa, Sir John Eliot amene anakonza zonsezi anafera m'ndende ya Tower of London mu 1632 ndipo mfumu inakaniza ngakhale mtembo wake kwa abale.

Kuyambira pamenepo zaka 11 kunalibe palamenti. Maloya a mfumu analowa m'mabuku akale kufufuza malamulo oiwalika oti angatulutse ndalama, ndipo anawapezadi. Linalipo lina loti mwamuna aliyense wokhala ndi malo obweretsa mapaundi 40 pachaka amayenera kubwera pa tsiku lolonga mfumu kuti adzapatsidwe udindo waulemu wa knight. Mapaundi 40 pofika nthawi imeneyo sinalinso ndalama yoopsa, lamulolo anthu analiiwala kalekale, koma anthu pafupifupi 9,000 analipitsidwa chindapusa chifukwa chosabwera ku mwambo wa 1626 womwe unadutsa kale. Malire a nkhalango za mfumu anawabwezera pomwe anali zaka mazana m'mbuyo, anthu omwe makolo awo analima pamenepo mibadwomibadwo anangouzidwa kuti mwalowerera nkhalango lipirani. Ngakhale sopo, kampani imodzi inagula kwa mfumu ufulu wopanga yokha, amayi ochapa akudandaula kuti sopo wake akuwaotcha manja ndi kuononga zovala. Chilichonse mwa izi loya amatha kukuonetsa tsamba la buku lomwe chalembedwa. Ndi chifukwa chake ine mau oti "zili m'malamulo" paokha sandikhutiritsa.

Chachikulu chinali Ship Money. Kuyambira kale nthawi ya nkhondo mfumu imatha kulamula matauni a m'mbali mwa nyanja kuti apereke sitima zankhondo, palamenti osafunsidwa. Mu 1634 Charles analamula zimenezi dziko lili pa mtendere, ndipo sitima zomwe amafuna zinali zazikulu zoti kupatula London palibe tauni ikanakhala nazo, ndiye perekani ndalama m'malo mwake. Anthu a kumtunda anangoti ndi za a kunyanja izo. Chaona mnzako chapita, mu 1635 kalata zinapita m'maboma onse a England ndi Wales, olo kumene anthu sanaionepo nyanja, chaka chotsatira zinabweranso, chinacho zinabweranso. Boma lililonse limapatsidwa chiwerengero chake, sherifu, mkulu woimira mfumu m'bomalo, amagawa m'midzi, zikaperewera amayenera kuonjezera za m'thumba mwake ndiye mutha kuganiza mmene amatolerera. Imabweretsa mapaundi pafupifupi 200,000 pachaka ndipo zaka zoyambirira zoposa 90 pa 100 zilizonse zimatoleredwa.

Apa a Mkonzi ndiyankhulireko mfumu pang'ono, chifukwa mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Sitima zimafunikadi. Achifwamba a panyanja ochokera kumpoto kwa Africa amagwira asodzi a ku Cornwall ndi Devon nkukawagulitsa ukapolo, mu 1631 anatenga anthu oposa 100 usiku umodzi m'mudzi wa Baltimore ku Ireland. Ndalama za Ship Money zimapitadi ku sitima, sizinadyedwe, ngakhale ina inathera pa chisitima chodzionetsera chokutidwa ndi golide, Sovereign of the Seas, cha mu 1637. Komanso zoti woteteza nyanja akuteteza dziko lonse ndiye onse asonkhe, nzomveka. Kagawidwe kake kanafikira anthu ambiri kuposa subsidy ya aphungu ija, ku Essex olipira subsidy anali cha m'ma 3,200 pomwe a Ship Money anali cha m'ma 14,500. Kunena zoona ngati msonkho unali msonkho wogwira ntchito. Ndipo kuopsa kwake kunali komweko, ukanakhazikika palamenti ikanangotsala m'mabuku a mbiri.

John Hampden anali mwini malo wolemera wa ku Buckinghamshire, msuweni wa Oliver Cromwell amene anadzalamulira England mfumu itaphedwa, ndipo anali atalawako kale ndende chifukwa chokana ngongole yokakamiza ija. Mlandu wake unali wa masheleni 20, paundi imodzi, pa malo ake a ku Stoke Mandeville. Kwa iye imeneyo inali ndalama yosaimva nkomwe kutuluka, maloya okha anamudyera zambiri kuposa pamenepo. Anakana dala kuti nkhani ilowe m'khoti. Mfumu inali itakonzekera kale, mu February 1637 inafunsiratu majaji onse 12 mwamseri kuti dziko likakhala pa chiopsezo kodi mfumu singatole ndalama, ndipo kodi woona kuti chiopsezo chilipo si mfumu yokha? Onse anasaina kuti inde. Tangoganizani, mlandu ukukaweruzidwa ndi anthu omwe yankho anapereka kale.

Mlandu unayamba mu November 1637, anthu amadzadza m'khoti mpaka ena kusowa polowera. Loya wa Hampden, Oliver St John, sanatsutse kuti mfumu ili ndi udindo woteteza dziko, anavomera zonsezo. Anangofunsa za masiku. Kalata yolamula msonkho inalembedwa mu August 1635, sitima imafunika pofika March 1636, miyezi pafupifupi 7, pomwe kuitanitsa palamenti kumatenga masiku 40. Ngozi yake ndi yotani yodikira miyezi 7 koma yosatha kudikira masiku 40? Mbali ya mfumu inalibe yankho lina koma loti mfumu ikati kuli ngozi ndiye kuti kuli ngozi, palibe wofunsa. Jaji Robert Berkeley anafika ponena kuti mfumu ndiye lamulo. Ndipo Finch, yemwe uja anamukhazika pampando akulira, pano anali jaji wamkulu wa khoti lina, anati olo palamenti itapanga lamulo lolanda mfumu mphamvu imeneyi lamulolo ndi lopanda ntchito.

Chigamulo chinatha kutuluka mu June 1638, majaji 7 mbali ya mfumu, 5 mbali ya Hampden. George Croke ndi Richard Hutton ananena poyera kuti msonkhowu ndi wosemphana ndi malamulo, ena mwa asanuwo anangogwira zolakwika za kalembedwe ka kalatayo. Mfumu inawina koma kuwina kwake kunali kowawa, chifukwa majaji amawalemba ndi kuwachotsa yekha ndiye asanu kumukana sizinali zocheza, ndipo zigamulo za Croke ndi Hutton anthu amakoperana pamanja nkumawerengerana m'maboma. Chinanso, amene amalipira poganiza kuti nzakanthawi anamva ndi makutu awo majaji akunena kuti mphamvuyi ilibe malire.

Chomwe chinagwetsa Ship Money kwenikweni si khoti koma Scotland. Charles, yemwe analinso mfumu ya kumeneko, anakakamiza Askoti buku la mapemphero la Chingerezi mu 1637, anagalukira, nkhondo inabuka mu 1639, ndiye anthu a ku England amafunsidwa Ship Money uku akufunsidwanso ndalama zovekera ndi kuyendetsera asilikali pa nkhondo yomwe ambiri samaifuna. Anangosiya kulipira. Masherifu amalanda ng'ombe, nkhosa, mapoto, koma akapita nazo pa msika palibe wogula, anthu amangoima nkumayang'ana, ndiye sherifu atsale ndi ng'ombe za eni zofuna kudyetsa. Makonstebo a m'midzi, omwe anali anthu a m'mudzi momwemo osalipidwa, anayamba kukana kulemba maina a anansi awo. Pa kalata za 1639 zomwe zinatoleredwa zinali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5.

Basi mfumu inagwada. Mu April 1640 inaitana palamenti nkunena kuti ndisiya Ship Money mukandipatsa ma subsidy 12, aphungu anati tigule bwanji chinthu chomwe sichinali chanu, patatha masabata 3 inawabalalitsa. Askoti anagonjetsa asilikali ake ku Newburn mu August, analanda Newcastle komwe London imadalira malasha, ndipo anagwirizana kuti azilipidwa mapaundi 850 tsiku lililonse mpaka nkhani ithe. Ndalama imeneyo ikanachokera kuti? November 1640 palamenti inakumananso ndipo ulendo uno sinabalalike. Finch anathawira ku Holland. Berkeley anamumanga ali pa mpando woweruzira milandu anthu akuona. Mu 1641 anapanga malamulo oti Ship Money ndi yosaloledwa, chigamulo cha mlandu wa Hampden chafafanizidwa, msonkho wa pa doko sungatoleredwe popanda palamenti, komanso pasamathe zaka 3 palamenti osakumana. Charles anasaina zonse.

Zikanathera pamenepo, koma panalibenso kukhulupirirana, ndipo panalowa nkhani za chipembedzo ndi zoti asilikali azilamulidwa ndi ndani. Pa 4 January 1642 mfumu mwini wake inalowa m'nyumba ya aphungu, asilikali ali pakhomo, kudzagwira aphungu 5 kuphatikiza Hampden, Holles ndi mtsogoleri wawo John Pym, inapeza atathawa kale pa boti. Itafunsa sipikala William Lenthall kuti ali kuti, anagwada nkuyankha kuti alibe maso oonera kapena lilime loyankhulira m'nyumbamo kupatula mmene nyumbayo yamutumira. Nkhondo ya pakati pa mfumu ndi palamenti inayamba chaka chomwecho. Hampden anavulazidwa ku Chalgrove mu June 1643 namwalira patatha masiku ochepa, Charles anadulidwa mutu pa 30 January 1649.

Tsopano mbali yomwe ambiri amailumpha. Palamenti itagwira mphamvu inakhometsa misonkho yomwe Charles sanailotepo. Mu 1643 Pym anabweretsa excise, msonkho wa pa zinthu zogula tsiku ndi tsiku, mowa, kenako nyama ndi mchere, womwe umapweteka wosauka kuposa wolemera. Aphungu anaikanso msonkho wa pa mwezi womwe unadzafika mapaundi 120,000 mwezi umodzi, pomwe Ship Money yomwe anthu amalira nayo inali 200,000 chaka chathunthu. Mu 1647 ogulitsa nyama ku Smithfield mu London anaotcha ofesi ya excise. Ndipo Cromwell, msuweni wa Hampden yemweyo, atakhala wolamulira, wamalonda wina George Cony anakana kulipira msonkho wa pa doko ponena kuti palamenti sinavomereze, mfundo ya Hampden yeniyeni, Cromwell anatsekera Cony kenako anatsekeranso maloya ake mu Tower. Richard Chambers uja palamenti inavota kuti apepesedwe ndi ndalama koma anamwalira ali wosauka. Ndiye amene akuganiza kuti palamenti ndi mngelo wotsitsa misonkho awerengenso mbiriyi, ndipo amene akufuna munthu mmodzi wolimba mtima amuonenso Cromwell.

Nkhani inadzakhazikika mu 1689, mfumu James II itathawa, pomwe Bill of Rights inanena mosazungulira kuti kutolera ndalama za mfumu popanda palamenti kuvomereza, olo kwa nthawi yaitali kapena mwa njira ina yosiyana ndi yomwe yavomerezedwa, nkuphwanya lamulo. Aphungu anaphunziranso nzeru ina, osapatsa mfumu ndalama zoikwanira moyo onse, aziipatsa pang'onopang'ono komanso kunena ntchito yake, ndipo kuyambira nthawi imeneyo palamenti ya kumeneko yakumana chaka chilichonse. Chodabwitsa nchoti misonkho inakwera kwambiri pambuyo pake, m'zaka za m'ma 1700 Mngerezi amalipira wambiri kuposa Mfalansa yemwe mfumu yake imangolamula, koma amalipira ndithu, ndipo anthu amalolera kubwereketsa boma ndalama chifukwa amadziwa kuti kubweza kwake kuli m'manja mwa nyumba yomwe ikumana chaka chamawa, osati mmene mfumu yadzukira.

Chomwe chimandiwawa ine nchoti Angerezi omwewa, ana awo akuphunzira za Hampden kusukulu, atafika kuno mfundoyi anaisiya pa doko. Harry Johnston atangokhazikitsa ulamuliro wa atsamunda mu 1891 anaika msonkho, poyamba masheleni 6, kenako mu 1894 masheleni 3 pa nyumba. Anafunsa ndani? Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaukonza kuti amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi alipire theka, ndiye mutha kuona kuti cholinga sichinali ndalama zokha komanso kukankhira anthu ku maesiteti. Olephera kulipira amawaotchera nyumba, pena kugwira akazi awo mpaka mwamuna atulukire. Nyumba ya malamulo ya Nyasaland inakhazikitsidwa mu 1907 koma munthu wakuda woyamba analowamo mu 1949, zaka zonsezo zofuna za olipira msonkhowo amati aziyankhulira mmishonale. Makolo athu sanali ndi khoti la majaji 12 loti akafunseko za masiku 40.

Lero malamulo aakulu a dziko lathu, gawo 171, amati palibe msonkho wa mtundu uliwonse womwe boma kapena khonsolo ingatole popanda mphamvu ya lamulo. Mzere umenewo ndi mdzukulu wa 1628 ndi 1689. Koma taona kale kuti maloya a Charles nawonso anali ndi malamulo m'manja. Mabilu a misonkho nthawi zambiri amabwera kumapeto kwa zokambirana za bajeti aphungu atatopa maso ali ku galimoto, ndipo malamulo ambiri amapatsa nduna mphamvu yosintha mitengo ya misonkho ina ndi zolipiritsa pongolengeza mu gazeti, zomwe ndi zololedwa inde, koma ndi angati mwa aphungu athu amakaziwerenga zikatuluka? Nyumba ikamangovomera chilichonse chabwera, kapena kugawira ena mphamvu yake osayang'ananso, ndiye kuti ikudzichita yokha zomwe Charles anafunika zaka 11 ndi majaji 7 kuti aichite.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi ili. Bilu ya msonkho ikalowa m'nyumba muzitilembera m'Chichewa chomveka kuti ikusintha chiyani, pa sopo, pa mafuta, pa malipiro, isanadutse osati itadutsa kale. Mutiuzenso kuti anaikambirana nthawi yaitali bwanji, anayankhulapo ndani, ndipo ngati panali kuvota mutchule maina ndi madera awo. Zolipiritsa zatsopano zikatuluka mu gazeti muzitisonyeza lamulo lomwe nduna yatsamira ndi chaka chomwe aphungu analivomereza, enafe tikafunse phungu wathu akabwera ku maliro.

Ndatha ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma, Ntcheu